Ziwengo Zochokera ku Fodya wa Magetsi

 Nkhani yathu ya lero ndi ya fodya wa magetsi, amene achinyamata amamutcha vepu. Tikambirana za ziwengo zimene madzi a fodya ameneyu angathe kuyambitsa, m'mene tingazizindikirire, ndiponso zimene tiyenera kuchita zikagwa pakhomo pathu.

Kodi m'madzi amenewa muli chiyani?

Fodya wa magetsi ndi kachipangizo kooneka ngati cholembera kapena kabokosi. M'kati mwake muli batire, kawaya ndi madzi. Munthu akakoka mpweya, kawaya kamatentha, madzi aja nkusanduka nthunzi imene imalowa m'kamwa, kukhosi mpaka m'mapapo. Amene anapanga kachipangizo ka mtundu umene wafalawu ndi Hon Lik wa ku China, m'chaka cha 2003.

Ena amati ndi nthunzi ya madzi wamba. Zimenezo si zoona. Kawirikawiri m'madzimo muli zinthu zinayi. Choyamba ndi propylene glycol, amene amapezekanso m'mafuta ena odzola ndi m'mankhwala ena akumwa. Chachiwiri ndi glycerine, wa mtundu wa uja timadzola nthawi yozizira. Chachitatu ndi chikonga, chimene chimachititsa munthu kulephera kuleka. Chachinayi ndi zokometsera, zopatsa fungo la mango, sinamoni, vanila, menthol ndi zina zotero. Fungo lokomalo ndilo limakopa ana athu, koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi chiwengo chimayamba bwanji?

Tonse tikudziwa anthu amene nsomba zina kapena mtedza zimawawenga pamene anzawo akudya bwinobwino. Chimene chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi mwawo chimaona chinthucho ngati mdani, nkuyamba kulimbana nacho. Ndi m'menenso zimakhalira ndi madzi a vepu.

Propylene glycol amawenga anthu ena. M'chaka cha 2018 bungwe la madokotala a khungu la American Contact Dermatitis Society linamusankha kukhala chinthu chowenga choti madokotala achiyang'anitsitse m'chaka chimenecho. Zokometsera za sinamoni ndi menthol nazonso n'zodziwika kuti zimawenga milomo ndi m'kamwa mwa ena. Palinso chitsulo chotchedwa nickel, chimene chimapezeka m'tiwaya tina ndi pa zipangizo zina. Amayi amene makutu amawayabwa akavala ndolo zotsika mtengo akuchidziwa kale chitsulo chimenechi.

Tikumbukire mfundo ziwiri. Yoyamba: munthu angathe kusuta miyezi yambiri popanda vuto, chiwengo nkudzayamba pambuyo pake. Yachiwiri: ziwengo za pakhungu sizituluka nthawi yomweyo, zimatha kuoneka patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Pa chifukwa chimenechi ambiri amanamizira sopo, chakudya ngakhale ufiti, osaganizirako za kachipangizo kamene kali m'thumba.

Zizindikiro

Pali zizindikiro zimene zimabwera pang'onopang'ono: kuyabwa ndi zidzolo m'mbali mwa milomo, kumaso kapena m'zala zimene zimagwira kachipangizo, milomo kung'aluka, tizilonda m'kamwa, maso kufiira ndi kutuluka misozi, kuyetsemula ndi kutsokomola kosaleka. Kwa munthu wa mphumu, nthunzi imeneyi ingathe kudzutsa matenda ake.

Pali zina zoopsa, ngakhale sizichitika kawirikawiri: milomo, lilime kapena kukhosi kutupa, mawu kusasa mwadzidzidzi, kubanika ndi kulira m'chifuwa popuma, ziwengo kubuka thupi lonse, chizungulire mpaka kukomoka. Zimenezi zingathe kupha munthu m'mphindi zochepa.

Mapapo nawonso amawengedwa. M'chaka cha 2019 madokotala a ku Nottingham, ku England, analemba za mnyamata wa zaka 16 amene mapapo ake anatupa kwambiri chifukwa thupi lake linadana ndi zina za m'madzi a vepu. Anapulumuka atakhala pa makina omuthandiza kupuma.

Tisasokoneze chiwengo ndi kuchuluka kwa chikonga m'thupi. Chikonga chikachuluka munthu amachita nseru, amasanza, amatuluka thukuta ndipo mtima umathamanga. Mwana wamng'ono akamwa madzi amenewa, tithamangire naye ku chipatala, chifukwa ndi poizoni.

Tichite chiyani?

Choyamba, munthu akaona zizindikiro aleke kusuta nthawi yomweyo. Asangosintha fungo, popeza chimene chikumuwenga chingathe kukhalamonso m'botolo linalo. Madzi akatayikira pakhungu, asambe ndi sopo.

Chachiwiri, apite ku chipatala atanyamula kachipangizoko, botolo ndi paketi yake, ndipo akanene zoona. Dokotala sangathandize bwino munthu amene akubisa chiyambi cha matenda.

Chachitatu, ngati munthu watupa kukhosi kapena akubanika, tisadikire kuti kuche ndipo tisayambe ndi mankhwala a pakhomo. Piriton amachepetsa kuyabwa koma sangatsegule kukhosi kotupa. Chofunika ndi jakisoni wa adrenaline wa ku chipatala. Tipeze galimoto, njinga yamoto kapena chilichonse chimene chilipo.

Chachinayi, kuleka vepu sikutanthauza kubwerera ku ndudu kapena chingambwe. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti fodya amapha mpaka theka la anthu amene amamusuta osaleka. Wofuna kuleka afunse thandizo kwa a zaumoyo.

Ufulu ndi udindo wathu

Wogula aliyense ali ndi ufulu wodziwa chimene akugula. M'maiko a European Union, kuyambira 2016 lamulo limalamula kuti zonse za m'madzi amenewa zilembedwe pa paketi, ndiponso kuti chikonga chisapitirire mamiligalamu 20 pa mililita imodzi. Malawi analowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya m'chaka cha 2023. Motero tili ndi poyambira pofunsa aphungu ndi makhansala athu zimene akuchita kuti katundu wotere asagulitsidwe kwa ana, kapena wopanda zolemba zomveka.

Makolo, udindo wathu ndi waukulu. Mwana amene akuopa chikwapu amabisa kachipangizo, nkubisanso ziwengo zake. Tikaona milomo ya mwana yatupa kapena akutsokomola mosaleka, timufunse modekha, tipite naye ku chipatala, uphungu ubwere pambuyo. Inunso achinyamata, mnzanu akabanika musamubise poopa kudzudzulidwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi fodya wa magetsi akugulitsidwa kuti m'dera lathu lino, ndipo akugula ndani?
2. Munthu atabanika usiku m'mudzi mwathu, tingamufikitse bwanji ku chipatala msanga?
3. Kodi tingalankhule bwanji ndi ana athu kuti asaope kutiuza zoona?