Dongo, Zomera Zowola ndi Nkhosa za ku Wales

Pa 26 April 1986, malo opangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya anaphulika ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine. Patapita sabata imodzi, mtambo wa fumbi lake unafika ku Britain, ndipo mvula inalitsitsira pa mapiri a ku Cumbria ndi kumpoto kwa Wales, kumene anthu amaweta nkhosa. M'fumbimo munali caesium-137, chinthu chotulutsa cheza chosaoneka chimene chingayambitse khansa. Pamapita zaka 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka.

Boma linaletsa kugulitsa nkhosa za m'maderawo, ndipo m'Britain monse chiletsocho chinakhudza nkhosa zoposa 4 miliyoni. Alimi anauzidwa kuti apirire kwa masabata owerengeka chabe, pakuti akatswiri anali kudalira dongo.

Chifukwa chake nachi. Dongo la mtundu wa illite linapangika ndi timapepala tosanjikizana ngati masamba a buku. M'mphepete mwa timapepalato muli timipata tomukwana caesium ndendende. Akalowamo amatsekeredwa, kotero kuti mizu ya udzu singathe kumutulutsa. Zimenezi n'zimene akatswiri anali ataona m'minda ya kuchidikha.

Koma dothi la m'mapirimo ndi losiyana. Ndi lakuda, lonyowa ngati la m'dambo, lodzaza ndi zomera zowolerana, ndipo dongo ndi lochepamo. Zowolazo zimagwira caesium mofooka, n'kumutayanso m'madzi a m'nthaka. Kuwonjezera apo, zimamata timapepala ta dongo lochepa lija, n'kutchinga ina mwa mipata imene caesium akadatsekeredwamo. Popeza dothilo lilinso ndi potashi wochepa, udzu unkayamwa caesium m'malo mwake, chifukwa awiriwa amafanana kwambiri. Nkhosa zinkadya udzuwo, ndowe ndi mkodzo n'kubwezera poizoniyo m'nthaka, chaka ndi chaka.

Umboni unaoneka pa nkhosa zomwezo. Zikatsitsidwa kukadya msipu wa kuchidikha, kumene kuli dongo lokwanira, caesium ankachepa m'thupi mwawo m'masabata ochepa. Motero nkhosa iliyonse inkapimidwa isanapite ku msika, ndipo yopitirira muyezo inkapakidwa utoto kuti isaphedwe. Chiletso chimene chinayenera kutha msanga chinachotsedwa m'chaka cha 2012, patatha zaka 26.

Phunziroli linathandiza anthu a ku Japan ngozi ya ku Fukushima itachitika mu 2011. Alimi a mpunga anathira feteleza wa potashi wambiri kuti mbewu zisafune caesium.

Mlimi womva nkhaniyi asataye manyowa ake, pakuti zowola ndizo chonde cha munda. Cholakwa cha akatswiri chinali kuyesa kuti dothi lonse ndi limodzi. Wofuna kudziwa ngati nthaka idzamanga poizoni kapena idzamupereka kwa ziweto ndi anthu, ayambe wapima kuti muli dongo lotani, ndiponso kuti zowola zachuluka motani.