Antchito Osaoneka a m'Kompyuta

Madzulo ano tikambe za antchito ena a m'kompyuta amene maso sawaona.

Pamene muyatsa kompyuta, musanakhudze kanthu, mapulogalamu ambiri amadzuka okha nayamba ntchito mwakachetechete. Ina ilumikiza makinawo ndi intaneti, ina isunga nthawi, ina idikira makalata oti asindikizidwe. Pa Windows awatcha services, pa Linux awatcha daemons.

Tsono antchito akachuluka asowa kapitao. Pa Linux kapitaoyo kawirikawiri ndiye systemd, pulogalamu imene Lennart Poettering ndi Kay Sievers anaitulutsa m'chaka cha 2010, ndipo Debian ndi Ubuntu anailandira mu 2015. Iyo ndiyo iyamba kudzuka, nidzutsa anzakewo mwa dongosolo.

Mverani bwino malamulo ake. Mukalemba systemctl status ndi dzina la wantchito, muona ngati ali maso kapena wagona. Mukalemba stop, aleka ntchito lero lokha, ndipo makina akayatsidwanso abweranso. Mukalemba disable, sadzukanso mawa, komatu lero apitirirabe. Wofuna kumchotsa ndithu achite zonse ziwiri. Wantchito akafa yekha, journalctl ikuonetsani zimene analemba asanafe. Pa Windows zonsezi muzipeza mukatsegula services.msc.

Nanga tivutikiranji nazo? Pakuti wantchito aliyense womvetsera ku intaneti ndi khomo la nyumba yanu. M'mwezi wa May 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inalowa m'makompyuta a maiko ambiri podzera pa njira yakale ya Windows yogawirana mafailo, dzina lake SMBv1. Zipatala zambiri za ku Britain zinabweza odwala. Ambiri mwa eni makinawo sanali kudziwa kuti khomolo lili chitsegukire.

Koma musatseke mwaphuma. Munthu akaimitsa sshd pa makina akutali, natuluka, sangalowenso kufikira wina atapita komweko kukaidzutsa.

Chotero langizo lathu nali. Onani mndandanda wa antchito a m'makina anu. Amene simumdziwa, funsani ntchito yake poyamba. Chotsani mmodzimmodzi, ndi kulemba m'buku chimene mwasintha ndi tsiku lake, kuti wobwera pambuyo panu asasokere. Amene mwawasunga, muziwapatsa zokonza zatsopano zikatuluka.