Mlandu Suola

Mawu amene Mlembi wa Nthambi ya Chapananga anayankhula pa msonkhano wa mamembala, pamaso pa mafumu ndi achinyamata.



Pa msonkhano wathu wapitawo bambo wina wachikulire anafunsa funso, ndipo ife a komiti tinalonjeza kudzayankha lero. Iwo anati: "Ana amene tikuwamva pa wailesi kuti akufuula kumisonkhano ya kunja za kusintha kwa nyengo, kodi akufuna chiyani? Kodi si kupemphetsa chabe?" Funso ili n'loyenera, ndipo yankho lake liyambire pa mtsinje wathu wa Mwanza pomwepa.

Tonse tikumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe wa Ana anadula mlatho wa Chapananga umene tinauyembekeza zaka zambiri. Odwala ndi amayi apakati anasowa powolokera kupita kuchipatala chachikulu ku Boma. Namondwe yemweyo anaphwanya damu la Kapichira pa Shire, ndipo magetsi anavuta m'dziko lonse koposa chaka. Tisanaiwale za 2015 ndi za Idai mu 2019, kapena kupuma pa za Ana, kunabwera Freddy mu Malichi 2023, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'Malawi muno. Chaka chotsatira kunagwa chilala, mpaka Boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Ife aphunzitsi tinaziona ndi maso: zipinda zophunzirira zinasanduka mogona mabanja, ndipo pamene tinatsegulanso kaundula, mayina ena tinawaitana popanda woyankha. Ena anapita kukagwira ganyu, asungwana ena anakwatiwa asanakhwime.

Akuluakulu anena kuti Mwanza wakhala akusefukira kuyambira kale. Inde, n'zoona, ndipo sititsutsa. Koma kale mvula yoopsa inkabwera patalipatali, munthu n'kumanganso nkhokwe, n'kubweza mbuzi zake. Lero ngozi ikupeza inzake isanachoke. Mu 2022 akatswiri a bungwe la World Weather Attribution anafufuza za Ana, napeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula imene inagwa. Kutenthako kumachokera ku mpweya wa malasha ndi mafuta amene amatenthedwa m'mafakitale, m'magalimoto ndi m'ndege. Mpweyawo umakuta dziko ngati bulangeti, nyanja zazikulu zimafunda, ndipo namondwe wobadwira pa madzi ofunda amasenza mvula yochuluka.

Tsono mpweyawo ngwa yani? Africa yense satulutsa ngakhale magawo 4 pa magawo 100 alionse. Umene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa pa chaka, Amalawi 100 ataphatikiza wawo saufika. Mafumu athu, inu mumaweruza milandu ya ng'ombe chaka ndi chaka. Ng'ombe za munthu zikadya mapira kapena thonje la mnzake, kodi mwini munda akabwera pabwalo panu mumati wabwera kudzapempha? Iyayi! Wabwera ndi mlandu, ndipo mwini ng'ombe amalipa, angakhale ndi wolemera chotani. Achinyamata akunena zomwezo. Sakupempha mphatso. Akuti amene anawononga alipe, ndiponso atseke khola lake kuti ng'ombe zisabwerenso.

Ena anyoza kuti ana sangaphule kanthu pakati pa atsogoleri a mayiko. Tamvani izi. Mu 2018 msungwana wa zaka 15 wa ku Sweden, Greta Thunberg, anakhala yekha pakhomo pa Nyumba ya Malamulo ya kwawo, ndipo chaka chotsatira ana a sukulu mamiliyoni anayenda m'misewu. Ku Uganda, Vanessa Nakate anayamba chimodzimodzi mu 2019. Koma nkhani yotikhudza koposa ndi ya ophunzira zamalamulo 27 a ku zilumba za Pacific, kumene nyanja ikumeza midzi monga Mwanza amamezera madimba athu. Mu 2019 iwo anapempha maboma awo kuti nkhaniyi ipite ku bwalo lalikulu la milandu la dziko lonse, ku The Hague. Boma la Vanuatu linavomera. Mu Malichi 2023 mayiko a United Nations anagwirizana kufunsa bwalolo, ndipo pa 23 Julayi 2025 oweruza onse ndi mawu amodzi anati mayiko ali ndi udindo woteteza nyengo, ndipo dziko lolephera udindowo lingathe kufunsidwa kulipa amene avulazidwa. Sitikubisirani, mawu a bwalolo ndi uphungu, satumiza wapolisi kukalanda chuma cha munthu. Komabe chimene chinayambira m'kalasi chafika pa bwalo loposa onse, ndipo mlandu suola.

Nanga ndalama zili kuti? Apa m'pamene achinyamata akwiyira. Ku Copenhagen mu 2009 mayiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pa chaka pofika 2020, koma anachedwa nazo zaka ziwiri, ndipo zambiri zinabwera ngati ngongole. Taganizani, mwini ng'ombe kukongoza mwini munda mbewu, n'kufunanso chiwongoladzanja! Ku Sharm el-Sheikh mu 2022 anavomera kukhazikitsa thumba lolipira zotayika ndi zowonongeka. Ku Dubai mu 2023 analonjeza kuikamo madola pafupifupi 700 miliyoni, a mayiko onse osauka. Koma Boma lathu litawerengera za Freddy yekha, linapeza kuti kumanganso kudzafuna madola 680 miliyoni. Thumba la dziko lonse lapansi likanathera pa namondwe mmodzi wa dziko limodzi. Ku Baku mu 2024 mayiko osauka anafuna madola 1.3 thililiyoni pa chaka, napatsidwa lonjezo la 300 biliyoni pofika 2035. Gulu la mayiko 45 osauka kwambiri, limene pa nthawiyo linkatsogoleredwa ndi Mmalawi mnzathu, a Evans Njewa, linafika potuluka m'chipinda cha zokambirana. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Koma pang'ono pokha pafika pamphuno. Mu 2021 ku Glasgow, Boma la Scotland linakhala loyamba kuika ndalama za zowonongeka, ndipo Freddy atapita, mabanja ena a ku Nsanje analandira ndalamazo m'manja, namanga nyumba kumtunda. Chimene chachitika ku Nsanje chingachitikenso ku Chapananga.

Tsono ife a nthambi ino tichite chiyani? Sitidzakwera ndege tonse, koma mlandu wopanda mboni ugwa. Komiti ikuika pamaso panu mfundo zitatu.

Choyamba, mudzi uliwonse ukhale ndi buku. Ana athu a Sitandade 8 ndi a ku sekondale alembemo zonse zimene zatayika chiyambire 2015: nyumba, ng'ombe, mbuzi, minda imene yakwiririka ndi mchenga, mijigo, manda amene anakokoloka, masabata amene sukulu inatsekedwa. A mfumu ndi amayi awiri akhale mboni. Pasalembedwe bodza, pakuti mbuzi imodzi yonamizira idzaipitsa buku lonse. Mabukuwo tidzawapereka ku makomiti oona za ngozi, ku Khonsolo ya Chikwawa, ndi kwa achinyamata a National Youth Network on Climate Change amene amatiyankhulira kumisonkhanoyo, kuti akaimirira atchule Chapananga ndi dzina lake.

Chachiwiri, tisambe m'manja mwathu. Wopita kubwalo kukasuma za ng'ombe, pamene anazula yekha mpanda wake, amasekedwa. Mauvuni a makala atha mitengo m'mapiri mwathu, ndipo talima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa Mwanza. Tidziwa kuti njala ndiyo itumiza munthu kukadula mtengo, ndipo si makala athu amene anabala Freddy. Koma phiri lopanda mitengo limathamangitsa madzi, ndipo woyamba kumira ndi ife tomwe. Mvula ikubwerayi, mudzi uliwonse ubzale mitengo, nsungwi ndi udzu wa vetiva m'gombe mwake.

Chachitatu, ndalama zikadzafika tizidziwe. Tifuna kuti chiwerengero chake chiwerengedwe poyera pabwalo la mfumu, ndi kuti m'komiti iliyonse yoyang'anira mukhale mnyamata ndi msungwana, okhala ndi mphamvu yofunsa. Si chilungamo kukalimbana ndi olemera a kunja, ndalamazo n'kudzathera m'misonkhano ya m'mahotela.

Makolo athu, ana awa sakuderera ulemu wanu. Inu munaona Mwanza wa kale, iwo ndiwo adzakhale ndi Mwanza wa zaka 50 zikudzazi. Akabwera pakhomo panu ndi buku ndi cholembera, ayalireni mphasa, muwauze zonse. Ndipo inu achinyamata, amene mufuna kulemba, perekani mayina anu kwa Mlembi msonkhano uno usanabalalike. Mabuku ndi zolembera zigulidwa ndi thumba la nthambi, ndipo tiyamba Loweruka likubwerali.