NGONGOLE YA MPHUNZITSI WA KUMUDZI

Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'dera la Chipata

Mabvuto ogwera munthu tsiku ndi tsiku ndi a mitundu-mitundu, koma liripo limodzi limene mphunzitsi wa kumudzi safuna kulichula ngakhale kwa bwenzi lake la pamtima, ndilo ngongole. Wodwala amauza anansi, ndipo amadza kudzamzonda. Wofedwa sagona yekha pa maliro. Koma wangongole amasenza katundu wake mobisa, ndipo m'kubisamo ndi m'mene katunduyo amakulira.

Ngongole siyamba ndi kupusa nthawi zonse. M'caka ca 2022 boma la Zambia linalemba nchito aphunzitsi 30,496, ndipo ambiri mwa iwo anali atakhala zaka zingapo pakhomo ndi setifiketi m'manja. Wotumidwa ku sukulu ya ku Chipangali, ku Kasenengwa kapena ku Vubwi anayamba moyo wake wopanda bedi kapena mpando. Kwao nako mbiri inali itafika kale yakuti mwana wao tsopano alandira pa mwezi. Amalume afuna feteleza, mlongo afuna yunifomu ya ana, amai afuna ndalama ya ulendo wa ku cipatala. Pamene cilala ca 2024 cinaumitsa cimanga m'minda, kufikira President Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lagwa m'tsoka, maso a mudzi wonse anapenya kwa iye. Kukaniza mbale wanjala n'kobvuta, ndipo palibe angamdzudzule mphunzitsi cifukwa ca cifundo cake.

Kawiri-kawiri ngongole yoyamba imatengedwa ku banki, ndipo imadulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi. Boma linaika malire akuti wanchito wake azitsala ndi magawo 40 pa 100 a malipiro ake zodula zonse zitacotsedwa. Malirewo ndi abwino, koma sateteza munthu amene, poona kuti khomo la ku banki latsekeka, apita kwa wakaloba, pakuti kaloba salembedwa pa pepala la malipiro. Ena amafika posiya khadi lao la ku banki m'manja mwa wokongoza, pamodzi ndi nambala yake yacinsinsi.

Apa mphunzitsi aliyense angawerenge yekha monga m'kalasi ya masamu. Munthu akakongola K1,000 pa kaloba wa theka pa mwezi, ayenera kubweza K1,500. Akalephera, ndipo wokongoza nawerengeranso theka pa zonsezo, mwezi waciwiri ifika K2,250, ndipo wacitatu K3,375. Lamulo la dziko lino la okongoza ndalama limayesa ciongoladzanja copitirira 48 pa 100 pa caka cathunthu kukhala copambanitsa. Koma kaloba wotere amapyola pamenepo m'mwezi umodzi wokha.

Zipatso zake zimaoneka pa sukulu. Pakutha pa mwezi mphunzitsi akwera ulendo wa ku Chipata, napeza kuti wina watapa kale ndalama zake. Abwerera ndi mtima wolema, ana ataya tsiku lathunthu la maphunziro, ndipo mawa lake mwana wolakwa pang'ono alandira mkwiyo umene sanaucititse. Kunyumba mkazi kapena mwamuna wake, posadziwa kumene ndalama zipita, ayamba kuganiza zina. Ku komiti ya makolo mau ake salemeranso, cifukwa ena okhala pamenepo ndi omwe anamkongoza.

Njira yoturukira iripo, ngakhale ndi yaitali. Coyamba, wangongole alembe pa pepala limodzi ngongole zake zonse, dzina la mwini, ndalama yotsala ndi ciongoladzanja cake, monga momwe amalembera rejisitala ya ana. Ambiri amaopa tsiku limeneli, koma cinthu cowerengeka cimaopsa pang'ono koposa cosawerengeka.

Caciwiri, pepalalo alionetse kwa mnzake wa m'banja, ndipo ngati sanakwatire, kwa munthu wamkulu wosunga cinsinsi. Mutu umodzi susenza denga. Manyazi a madzulo amodzi aposa kuululidwa ndi wokongoza amene wadza kudzanyamula njinga ana a sukulu alikupenya.

Cacitatu, ayambe kubweza ngongole imene ikula msanga, ndiyo ya kaloba, ndipo asakongole kwina kuti atseke dzenje loyamba. Apite yekha kwa mwini ndalama asanaitanidwe, napangane naye za kubweza pang'ono-pang'ono, pangano lolembedwa pamaso pa mboni.

Cacinai ndi ca abale, ndipo ndico cobvuta koposa. Mphunzitsi apatule gawo lodziwika la mwezi uliwonse lothandizira kwao, ndipo likatha anene zoona mwaulemu: "Pepani amalume, caka cino ndingathe thumba limodzi la feteleza, laciwiri sindingathe." Mau otere amawawa tsiku limodzi, koma mbale wouzidwa msanga amafuna njira yina mvula isanagwe.

Cacisanu, ngongole ikacepa, ayambe kusunga. Aphunzitsi a pa sukulu imodzi angacite cilimba, malinga akhale anthu odziwana ndiponso alembe zonse m'buku. Dera lino lili ndi nthaka yokoma ya nshawa ndi soya, ndipo kamunda kapena dimba la pafupi ndi nyumba licepetsa zogula.

Otsala ali ndi udindo wao. Mphunzitsi mnzao akayamba kujomba pakutha pa mwezi, kapena kupewa njira ya ku msika, asamseke m'ofesi. Mmodzi amene amamkhulupirira amtengere pambali, akhale naye pansi ndi pepala ndi pensulo, ndipo awerenge pamodzi.