Make mbuu, mwana mbuu: masewero amayambira pakhomo

(Awa ndi mawu amene mtolankhani wathu adalankhula pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay)

Kuno n'kwa Atonga, komabe mundilole ndilankhule m'Chichewa.

Nkhani yanga ndi ya matupi a ana athu amene akusinkhuka. Bungwe la za umoyo la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azisewera kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Koma kafukufuku amene bungweli lidatulutsa m'chaka cha 2019 adapeza kuti pa ana 100 alionse a zaka 11 mpaka 17 pa dziko lonse, 81 safika pamenepo. Kwa atsikana chiwerengero ndi 85. Thupi lozolowera kukhala pansi ndilo limadzakumana ndi shuga ndi BP munthu akakula.

Wina anena kuti izo n'za m'tauni, kuno mwana amapalasa bwato, amakoka chilimira, amasinja chinangwa cha kondowole. N'zoona. Komatu pitani pamsika Loweruka masana mukaone anyamata atadzaza m'nyumba ya vidiyo kuonera Arsenal ndi Manchester United. Bambo awo ali pa benchi lakutsogolo. Mpira wasanduka wa maso ndi pakamwa, miyendo ili pheee. Mwanayo timudzudzula bwanji poti njira adaionera kwa ife?

Akuluakulu mukukumbukira nthawi ya chipani chimodzi pamene apayoniya ankagubitsa ana a sukulu. Thukuta linkatuluka, koma linali la mantha. Asilikali atawalanda zida apayoniya mu Disembala 1993, kugubako kudathera pomwepo, ndipo sitidaone mwana akupitiriza yekha. Chinthu chokakamiza chimafa tsiku limene wokakamizayo wachoka.

Tsono yerekezani ndi malipenga. Gule ameneyu adayamba potengera perete wa asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, ndipo mpaka lero akuvinidwa m'midzi yathu ino. Palibe boma lidalamula. Mnyamata adaona bambo ake kapena atsibweni ake akusita kabudula woyera, akukonza lipenga la chikho, akuyeserera masitepe madzulo, naye n'kuima kumapeto kwa mzere. Chimodzimodzi chilimika wa pa chaka chatsopano: mtsikana amatengera kwa amayi ndi achemwali ake. Amene adavinapo akudziwa kuti mpweya umatha ngati wasewera mpira mphindi 90. Ngakhale kusambira, ndani kuno adaphunzira m'kalasi? Adakuphunzitsa ndi mkulu wako pa dooko.

Za atsikana ndikhalitsepo pang'ono. Akaweruka ku sukulu, mnyamata amaponya mabuku n'kuthamangira ku bwalo, pamene mlongo wake akudikiridwa ndi ndowa, mbale ndi mwana wobereka kumbuyo. Akati akasewere mpira, timati ayamba uchimasomaso. Kwa anansi athu ku Rumphi kudabadwa Tabitha Chawinga, amene wakhala akunena yekha kuti makolo ake sankafuna kuti azisewera mpira wa miyendo. Iye adaumirira, ndipo mu 2023 adaposa onse pomwetsa zigoli mu ligi ya amayi ya ku Italy ali ku Inter Milan. Mng'ono wake Temwa adapeza njira yolambula kale. Mu 2023 adathandiza timu ya dziko lino ya Scorchers kutenga chikho cha COSAFA, ndipo mu 2024 adamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current. Nyumba imodzi, akatswiri awiri, chifukwa wamng'ono adali ndi womuonera. Nanga ndi a Tabitha angati ku Kande, ku Mpamba ndi ku Usisya amene adamvera, n'kusiya?

Sindikuti mwana aliyense adzapita kunja. Ndikuti akhale ndi thupi lolimba ndi maganizo abwino, asakhale ndi nthawi yocheza ndi kachasu.

Pempho langa silifuna ndalama. Choyamba, gawani ntchito za pakhomo mofanana kuti mtsikana naye apeze ola lake. Chachiwiri, timu ya sukulu ikamasewera, kaimeni m'mbali mwa bwalo, mwana aone nkhope yanu. Chachitatu, inu a malipenga ndi chilimika, itanani ana polowa mu mzere, musadikire kuti akule. Kumene bambo ali ku Joni, atsibweni ndi agogo atenge udindowo, pajatu mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Aphunzitsi ali ndi bwalo ndi wezulo, koma chilolezo ndi chitsanzo zili ndi inu makolo. M'mera mpoyamba.