MAFUTA NDI NTHENDA YA KUIWALA



Pamudzi pakakhala nkhalamba yoiwala maina a ana ace, kapena yoturuka usiku yosadziwa kumene ipita, anthu afulumira kunena kuti ndi mfiti. Zina zimenyedwa, zina zipitikitsidwa pamudzi. Madzulo ano ndifuna kukufotokozerani cimene cicitika m'mutu mwa munthu wotere.

M'caka ca 1906 dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer, anapima bongo wa mai wina amene anafa ataiwala zonse, napezamo timibulu tounjikana pakati pa mitsempha. Timibuluto madotolo atichula amyloid, ndito mtundu wa protein, cinthu conga cija cimanga mnofu.

Nanga mafuta alowapo bwanji? Bongo ndico ciwalo ca mafuta ambiri, ndipo kagawo kace kali konse kakutidwa ndi kakhungu ka mafuta. Amyloid aduka ku protein wina wamkulu wokhala m'kakhungu komweko, ndipo pamene pacuruka mafuta ochedwa cholesterol, tizidutswa tace ticurukanso. Tikakhudzana ndi mafuta ena a pakhungupo timamatirana ngati phula, ndi kukula pang'ono pang'ono zaka zambiri munthu asanayambe kuiwala.

M'bongo mulinso mtengatenga wa mafuta, dzina lace ApoE, ndipo mtundu wace munthu autengera kwa makolo. M'caka ca 1993 anthu ophunzira a ku Duke University, ku America, anapeza kuti obadwa ndi mtundu wochedwa ApoE4 agwidwa ndi nthendayi kawiri kawiri koposa anzao. Mtengatenga ameneyu acedwa kusesa amyloid m'bongo.

Koma cibadwa si ndico cokha. Kuyambira 1992 madotolo analinganiza nkhalamba za Ciyoruba za ku Ibadan, ku Nigeria, ndi nkhalamba za anthu akuda a ku Indianapolis, ku America. ApoE4 anapezeka pafupi cimodzimodzi kwa onsewo. Komabe m'caka ca 2001 analengeza kuti pa caka cimodzi ogwidwa ndi nthendayi ku Ibadan sanafike ngakhale theka la a ku Indianapolis. Anaonanso kuti magazi a Ayoruba anali ndi cholesterol wocepa. M'caka ca 2024 bungwe la madotolo la nyuzi yochedwa The Lancet linawerengera cholesterol wocuruka pa msinkhu wa pakati pamodzi ndi zinthu zokulitsa ngozi ya kuiwala pa ukalamba.

Cifukwa cace, inu a zaka 40 kapena 50, pitani kucipatala akakupimeni magazi, cepetsani zonona ndi zokazinga, ndipo musaleke kuyenda ndi kugwira nchito ya manja. Mankhwala ocizirathu nthendayi sanapezeke, koma wodwalayo akhala bwino akasungidwa mwacifundo. Agogo akakufunsani dzina lanu kacitatu, ayankheni kacitatu, pakuti ali wodwala. Akasokera, abwezeni kwao, ndipo muwauze a mfumu ndi anansi za nthenda yao.