Kuletsa Tiana ta Nkhumba Kuyamwa: Mawu a Mnzathu pa Msonkhano wa Pachaka

Akomiti anati ndikambe za ulimi wina woti tiziyedzamira fodya akakanidwa ku Chinkhoma. Ine ndasankha nkhumba, koma ndiyamba ndi manyazi anga.

Nditangoyamba ntchito m'boma, digiri ya ku Bunda ili pakhoma, ndinagulira mayi anga nkhumba yaikazi ndi kuwamangira khola la simenti. Inaswa tiana 10. Titakwana milungu 4 ndinalemba kalata kuti atichotse kwa make, poti ndimo amachitira m'mafamu akuluakulu. Mayi anamvera mwana wawo wophunzira, nayamba kutipatsa madeya onyowa. Pamene ndinkapita kumudzi pakutha pa mwezi, 6 tinali titafa ndi kutsegula m'mimba. Anthu ankati ndi chigodola, ena ankanong'ona za kulodza. Koma chigodola sichisankha, chimagwetsa ndi zikuluzikulu zomwe, pamene make anali bwinobwino. Wolakwa ndinali ine.

Nkhani yake ili m'matumbo. Mkati mwa matumbo a kamwana ka nkhumba muli timinofu tating'onoting'ono tambirimbiri toimirira ngati ubweya wa thaulo, timene timayamwa chakudya. Kamwana koyamwa, mimba yake imadziwa kugaya mkaka basi. Mukakachotsa mwadzidzidzi kamatha tsiku kapena awiri kakungolira, osadya, ndipo timinofu tija timafupika. Njala ikakapweteka kamadya madeya mophangira. Chakudyacho chimadutsa chosagayika, tizilombo totchedwa E. coli timachulukana pamenepo, ndiye m'khola monse muli chimbudzi chamadzimadzi. Chimene chimakapha kwenikweni ndi kutha kwa madzi m'thupi.

Tsono mimba iyenera kuphunzitsidwa kamwanako kakadayamwa. Phunziro loyamba ndi mkaka wachikasu wa tsiku lobadwa, umene uli ndi chitetezo chochokera kwa make. Matumbo amalandira chitetezocho kwa maola pafupifupi 24, kenako khomo limatsekeka. Muonetsetse kuti ngakhale kotsirizira kofooka kaja kapeza bere. Ngati khola ndi la simenti, itanani a vetenale adzabaye jekeseni ya ayironi pa tsiku lachitatu, chifukwa mkaka wa nkhumba uli ndi ayironi wochepa, ndipo kamwana kosafukula dothi kamasowa magazi. Ndalama ya fodya yatimangitsa makola okongola, koma mfundo iyi ambiri sitiidziwa.

Pofika masiku 10, tchingani ngodya ya khola ndi timitengo, mpata wake wolowa tiana tokha. Mmenemo muziika kachakudya kodzaza dzanja limodzi: mgaiwa wosalala, soya wokazinga ndi kugayitsa, ndi usipa wosinja pang'ono. Ndikubwereza, soya akazingidwe. Wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa mimba kugaya chakudya chomanga thupi. Poyamba timangoseweretsa, musakhumudwe, ndi mmene timaphunzirira. Chotsala muzitaya m'mawa uliwonse, ndipo madzi oyera asasowe. Kuno ku Kasungu tili ndi chizolowezi chotayira nkhumba mtedza wowola umene tasankha pogulitsa. Chuku chimenecho ndi poizoni, ndipo kamwana sikachedwa nacho.

Kumudzi musaletse kuyamwa milungu 6 mpaka 8 isanakwane. Amene amaletsa pa milungu 4 ali ndi chakudya chapadera chokhala ndi mkaka wa ufa ndiponso makola ofunda. Ngakhale iwowo ankadalira mankhwala. Mayiko a European Union analetsa kuthira maantibayotiki okulitsa ziweto m'chakudya mu 2006, ndipo mu 2022 analetsanso kuthira zinc oxide wambiri amene ankatseka m'mimba mwa tiana. Choncho ndikaona mnzanga akugula makapisozi pa golosale kuti atsanulire m'chakudya cha nkhumba, ndimadandaula.

Tsiku loletsalo, chotsani make, tiana titsale m'khola limene tazolowera. Musatisakanize ndi ta nkhumba ina, ndipo chakudya chikhale chomwechija kwa milungu iwiri, pang'onopang'ono kanayi pa tsiku. Ikakhala Juni kapena Julayi yalani udzu wouma wambiri, poti chisanu cha kuno mukuchidziwa, tinkagona ndi majuzi ku hositelo.

Mayi anga, pamene ndinawafotokozera zonsezi, anangoti iwo kale sankachotsa mwana kwa make asanamuone akudya yekha mu chimkhwinde chake. A Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Amene ali ndi mafunso andipeze pa nthawi ya chakudya.